Kumva utsi pomwe palibe chikupsa: yankho kwa mayi amene anasiya kumva fungo atadwala

Mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano ananditumizira imelo yokhala ndi funso lomwe ndaona kuti ndi bwino kuliyankha poyera, popeza vuto lawolo alinso nalo anthu ambiri amene amangolisunga mumtima poopa kusekedwa. Dzina lawo ndi kumene amakhala sinditchula, koma mawu awo, nditawafupikitsa, ndi awa:

"Miyezi isanu yapitayo ndinadwala chimfine champhamvu, ndipo nditachira ndinazindikira kuti sindikumvanso fungo la chinthu chilichonse, ngakhale la sopo kapena la parafini. Patapita milungu ingapo fungo linayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma tsopano kwabuka zina. Ndimamva utsi ngati wa fodya kapena wa mapepala a pulasitiki, makamaka madzulo ndi usiku, moti ndimadzuka kukayang'ana kukhitchini, pomwe bambo akunyumba ndi ana akuti sakumva kalikonse. Komanso wina akamakazinga anyezi kapena kuotcha nyama, kwa ine zimanunkha ngati chinthu chowola. Achibale ena akuti ndalodzedwa, ena akuti mutu wayamba kusokonekera. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo chidzatha?"

Mayi, ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti mtima wanu ukhale m'malo pamene mukuwerenga zotsalazo. Zomwe mwafotokozazi ndi vuto lodziwika bwino kwa madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, ndipo zikabwera motsatana chonchi, kuyamba ndi chimfine, kenaka kusamva fungo, kenaka kumva fungo lolakwika, nthawi zambiri gwero lake limakhala m'mphuno momwemo, m'timitsempha tomwe tinavulala ndi matendawo ndipo tsopano tikuchira mosalongosoka. Si misala, ndipo kwa anthu ambiri zimachepa mpaka kutha, ngakhale kuti zimatenga miyezi, mwinanso kupitirira chaka. Pali zizindikiro zingapo zomwe zikaoneka limodzi ndi fungo lotereli munthu ayenera kupita kuchipatala msanga. Ndizitchula m'munsimu, ndipo chonde musazidumphe.

M'kalata mwanu muli mavuto awiri, ndipo n'kofunika kuwasiyanitsa chifukwa dokotala adzakufunsani za lililonse palokha. Utsi womwe mumaumva usiku pomwe palibe chikupsa ndi fungo lopanda gwero, lomwe achipatala amalitcha phantosmia. Anyezi wonunkha ngati zowola ndi nkhani ina: pamenepo fungo lenileni lilipo, koma likufika kwa inu litapotoka, ndipo limeneli amalitcha parosmia. Awiriwa amakonda kuyendera limodzi mwa anthu amene anayamba ataya fungo, koma lachiwirili ndilo limapezeka kawirikawiri, ndipo anthu ena amene amaganiza kuti akumva fungo lopanda gwero amadzazindikira pambuyo pake kuti panali kanthu kakang'ono komwe kamaliyambitsa, monga mafuta odzola, mankhwala otsukira mano kapena thukuta lawo lomwe. Mungadziyese nokha. Utsiwo ukabwera, tsekani mbali imodzi ya mphuno ndi chala n'kupuma, kenaka mutseke mbali inayo. Ngati fungolo likuzimiririka mukatseka mbali imodzi, chimenecho ndi chizindikiro chakuti vutolo likuchokera m'mphuno ya mbali imeneyo, ndipo ndi mfundo yothandiza kwambiri kuti mukaitchule kuchipatala.

Kuti zimveke bwino, tiyenera kuona mmene munthu amamvera fungo. Kumwamba kwenikweni m'kati mwa mphuno, pansi pa chigaza, kuli kachigawo kakang'ono komwe kuli mamiliyoni a timitsempha tomva fungo. Kamtsempha kalikonse kali ndi nsonga yomwe imagwira tinthu tosaoneka touluka mumpweya, ndipo mbali yake ina imadutsa m'timabowo ta fupa lopyapyala n'kukalumikizana ndi ubongo. M'chaka cha 1991, Linda Buck ndi Richard Axel a ku America anatulukira banja la majini, omwe ndi malangizo a chibadwa a m'maselo, opangira zogwirira fungozi, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zogwirira fungo, kuti kamtsempha kalikonse kamanyamula mtundu umodzi wokha, komanso kuti timitsempha ta mtundu umodzi timakakumana pamalo ake ake mu ubongo. Fungo limodzi, monga la nsima yongophulidwa kumene, siligwidwa ndi mtundu umodzi wa timitsempha. Limadzutsa mitundu yambiri nthawi imodzi, ina mwamphamvu, ina pang'ono, ndipo ubongo umazindikira nsimayo poona kaphatikizidwe konseko. Zili ngati kwaya ya kutchalitchi: nyimbo yomwe mumaidziwa bwino imamveka choncho chifukwa magulu onse a mawu akuyimbira pamodzi, koma oyimba ambiri akadwala n'kubwerako a besi okha, iwo angayimbe gawo lawo molondola, inu n'kumva nyimbo yachilendo. Umo ndimo anyezi wanu wasandukira chinthu chowola. Timitsempha tina tachira, tina sitinachire, ndipo tina tomera kumene mwina takalumikizana pamalo olakwika.

Chosangalatsa n'chakuti timitsempha ta m'mphuno tili m'gulu la mitsempha yochepa kwambiri m'thupi la munthu yomwe imameranso moyo wonse. Pansi pa kachigawo kaja pali maselo omwe ntchito yawo ndi kubala timitsempha tatsopano tolowa m'malo mwa takufa, ndipo ichi n'chifukwa chake munthu amene anataya fungo kwathunthu angathe kuliyambanso patapita miyezi.

Simunanene ngati munayezetsa COVID-19, ndipo si zachilendo, chifukwa kuyambira pa 2 April 2020 pomwe boma linalengeza za anthu oyamba kupezeka ndi nthendayi m'Malawi, ambiri amene anaidwala sanayezedwe konse. Kachilombo kake kakadalipo mpaka lero ngakhale kuti bungwe la WHO linalengeza pa 5 May 2023 kuti si mliri wodetsanso nkhawa dziko lonse. N'zoona kuti mtundu wa Omicron, womwe unadziwika koyamba kum'mwera kwa Africa mu November 2021, sulanda fungo kawirikawiri ngati mitundu yoyambirira ija, koma umalandabe mwa ena. Tisaiwalenso kuti vutoli silinayambe ndi COVID-19. Madokotala akhala akuliona kwa zaka zambiri mwa anthu odwala fuluwenza ndi zimfine zina, makamaka amayi a zaka zapakati, kungoti mliriwu unalibweretsa kwa anthu ochuluka nthawi imodzi, ofufuza n'kuyamba kulilabadira. Mu July 2020, gulu la ofufuza la ku Harvard Medical School lotsogozedwa ndi Sandeep Robert Datta linaonetsa kuti kachilomboka kamalowa makamaka m'maselo othandizira omwe amazungulira ndi kudyetsa timitsempha, osati m'timitsempha tenitenito. Maselo amenewa akawonongeka timitsempha timaleka kugwira ntchito, koma akabwerera m'malo mwake fungo limabwerera, n'chifukwa chake anthu ambiri amachira m'milungu yochepa. Kwa ena kuvulalako kumakhala kwakukulu. Mu December 2022, ofufuza a ku Duke University anapima tinyama totengedwa m'mphuno za anthu omwe fungo lawo linali lisanabwerere kwa nthawi yaitali, ndipo anapeza kuti kachilombo kanatha kale, koma asilikali a m'thupi anali akadasonkhana pamalopo, kutupa kukupitirira, ndipo timitsempha tomva fungo tinali tochepa.

Nanga utsi wopanda gwerowo umachokera kuti? Ofufuza amapereka mafotokozedwe awiri, ndipo onse angakhale oona mwa munthu mmodzi. Koyamba, timitsempha tovulala kapena tosakhwima tingatumize uthenga ku ubongo patokha popanda chotidzutsa, ndipo ubongo, womwe ulibe njira yodziwira kuti uthengawo ndi wabodza, umaumasulira monga fungo. Kachiwiri, ubongo ukasowa uthenga womwe unazolowera kulandira kuchokera kumphuno, zigawo zake zomva fungo zimayamba kudzidzutsa zokha. Zofanana ndi zimenezi zimachitika m'makutu: anthu ambiri amene kumva kwawo kwachepa amamva kulira m'khutu pomwe kunja kuli zii. Pa chifukwa ichi ndikufuna mumvetse kuti simukunama ndipo simukulota. Uthenga wa utsi ukufikadi mu ubongo wanu, chomwe palibe ndi moto. Simulinso nokha, pakuti kafukufuku wa ku America yemwe anasindikizidwa mu 2018, COVID-19 isanabwere n'komwe, anafunsa anthu oposa 7,000 a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 15 alionse amamva fungo lopanda gwero, amayi kuwirikiza kawiri kuposa abambo. Fungo lomwe anthu otere amatchula kwambiri ndi lomwelo mwatchula inu: utsi, zinthu zopserera, fodya, zowola, nthawi zina mankhwala.

Za anyezi ndi nyama yootcha, palinso zomwe zapezeka. Jane Parker ndi anzake a ku University of Reading ku Britain anatenga fungo la khofi, lomwe limanyansa anthu ambiri a parosmia, n'kulilekanitsa ndi makina kuti anthu anunkhize kachigawo kalikonse pakokha. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2022, zinaonetsa kuti si fungo lonse lomwe limanyansa, koma tizigawo tochepa tamphamvu kwambiri tomwe mphuno imatimva ngakhale titachepa chotani, ndipo tambiri mwa ito timapangika chakudya chikakazingidwa kapena kuotchedwa. N'chifukwa chake zinthu zomwe zimavutitsa anthu a parosmia zimafanana m'maiko osiyanasiyana: khofi, anyezi, adyo, nyama yootcha, mazira, chokoleti ndi mankhwala otsukira mano. Kwa ife kuno ili ndi vuto lalikulu, poti ndiwo zathu zambiri zimayamba ndi anyezi m'mafuta otentha, ndipo amene akumva kunyansako ndi yemwenso amaima pamoto.

Pa zomwe achibale akunena, ndiyankhula mosapita m'mbali koma mwaulemu, chifukwa ndikukhulupirira kuti akunena zimenezo posowa mafotokozedwe ena. Vuto lomwe linayamba ndi chimfine, n'kutsata njira yomweyo yomwe latsata mwa anthu mamiliyoni a ku Brazil, ku India ndi ku Germany, lili ndi chifukwa chodziwika m'thupi. Ndikuopa kuti mukatsata za kulodzedwa mudzataya ndalama, mudzadana ndi munthu wosalakwa, ndipo choopsa kwambiri, mwina mudzapatsidwa zofwenkha kapena zodontheza m'mphuno zomwe zingaotche timitsempha tomwe tikuyesetsa kumera. Kupemphera sikutsutsana ndi kupita kuchipatala, ndipo ngati kumakulimbitsani mtima pitirizani. Za mutu kusokonekera, n'zoona kuti matenda ena a maganizo amachititsa munthu kumva fungo lomwe palibe, koma amabwera ndi zizindikiro zina zoonekeratu, monga kumva mawu a anthu osaoneka ndi kukhulupirira mwamphamvu kuti wina akumuthira poizoni. Munthu amene amadzuka, n'kukayang'ana kukhitchini, n'kuvomereza kuti palibe chikupsa, kenaka n'kukhala pansi kulemba kalata yomveka bwino yofunsa chifukwa chake, akuganiza bwinobwino.

Tsono nazi zomwe siziyenera kudikira. Ngati fungolo limabwera mwadzidzidzi kwa masekondi ochepa kapena mphindi imodzi, lofanana nthawi zonse, kenaka n'kutsatana ndi kuyang'ana malo amodzi osayankha, kutafuna pakamwa popanda chakudya, kumva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, kapena kusokonezeka osakumbuka zomwe zachitika, imeneyo ingakhale khunyu yochokera m'chigawo cha ubongo cha pafupi ndi khutu. Khunyu yotereyi sigwetsa munthu nthawi zonse, motero ambiri saizindikira, ndipo ndi bwino kufunsa a m'nyumba mwanu ngati anakuonanipo mutatero. Mankhwala ake alipo m'zipatala zathu. Pitaninso msanga ngati muli ndi mutu wopweteka womwe ukukulirakulira, makamaka wodzutsa m'mamawa ndi kusanza, ngati maso ayamba kuona mwachimbuuzi kapena zinthu ziwiriziwiri, ngati dzanja kapena mwendo wafooka, kapena ngati a pabanja aona kuti khalidwe lanu lasintha, chifukwa chotupa cha mu ubongo, ngakhale sichipezeka kawirikawiri, chingayambe ndi vuto la fungo. Mbali imodzi ya mphuno yotsekeka nthawi zonse, yotuluka magazi kapena mafinya, iyeneranso kuonedwa. Owerenga ena amene fungo lawo linasokonekera atamenyetsa mutu, monga pa ngozi za njinga zamoto za kabaza, adziwe kuti vuto lawo ndi losiyana: kugwedezeka kwa ubongo kumadula timitsempha pomwe timadutsa m'fupa lija, ndipo kuchira kwake kumachedwa ndiponso sikukhala kokwanira nthawi zambiri. Amene amadwala mutu waching'alang'ala nawonso nthawi zina amamva fungo lachilendo mutuwo usanayambe.

Pali chinthu china chomwe chimaiwalika, chomwe ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala ngakhale mulibe chizindikiro chilichonse mwa izi. Nthawi zina fungo loipa lomwe ena sakulimva limakhala lenileni, kungoti lili m'kati mwa munthuyo: mafinya m'timapanga ta m'mafupa a nkhope tomwe amati ma sinus, dzino lobooka la m'nsagwada yam'mwamba, kapena zilonda za m'nkhama. Zimenezi zimachizika mosavuta zikapezeka. Kwa mwana wamng'ono, mamina onunkha otuluka mbali imodzi yokha kawirikawiri amatanthauza kuti analowetsa nyemba, chimanga kapena kachidutswa ka siponji m'mphuno. Yambirani kuchipatala chapafupi, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku gawo la makutu, mphuno ndi mmero, monga lomwe lili ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Popita, tengani mankhwala onse omwe mukumwa, chifukwa ena amasintha kamvedwe ka fungo ndi kakomedwe, ndipo konzekerani kufotokoza tsiku lomwe vuto linayamba, nthawi yomwe fungolo limakhala likabwera, ndi zomwe munapeza mutatseka mphuno mbali imodzi.

Mwafunsa ngati chidzatha. Mu 2022 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'maiko angapo, yemwe anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anataya fungo chifukwa cha COVID-19, pafupifupi 74 anati labwerera pofika masiku 30, pafupifupi 90 pofika masiku 90, ndipo pafupifupi 96 pofika masiku 180, pomwe anthu ochepa anatsala ndi vuto lokhalitsa. Ziwerengero zimenezi ndi za kubwerera kwa fungo, ndipo fungo lopotoka lili ndi kayendedwe kakekake: limakonda kuyamba patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu atachira, monga momwe zachitikira kwa inu, limafika poipitsitsa, kenaka limayamba kuchepa, ndipo kwa ena limapitirira chaka. Silitha tsiku limodzi. Mudzangozindikira kuti utsi womwe umabwera usiku uliwonse tsopano ukubwera mwa apo ndi apo, kapena kuti anyezi akununkhabe zachilendo koma sakukuchititsaninso nseru. Madokotala ambiri amaona kupotoka kwa fungo monga chizindikiro chakuti timitsempha tikumera, ndipo ine ndikuona kuti pa miyezi isanu, mutayamba kale kumva fungo lina, muli ndi chifukwa chomveka chokhalira ndi chiyembekezo. Lembani m'kabuku kamodzi pa sabata momwe zinthu zilili, ndipo muziyerekeza mwezi ndi mwezi, osati tsiku ndi tsiku, chifukwa masiku oipa amabwera ngakhale munthu akuchira.

Palibe piritsi lodziwika lomwe limachiza vutoli, koma pali ntchito yomwe mungaigwire nokha, yomwe ndi kuphunzitsa mphuno. Njirayi inayesedwa ndi Thomas Hummel ndi anzake ku Dresden m'dziko la Germany, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Odwala ankanunkhiza mitundu inayi ya fungo, la duwa la rozi, la bulugamu, la ndimu ndi la clove, kawiri pa tsiku kwa milungu 12, ndipo amene anachita zimenezi anapeza bwino kuposa amene sanachite. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti kupitiriza kwa nthawi yaitali, komanso kusintha mitundu ya fungo pakatha miyezi itatu iliyonse, kumathandiza koposa. Si onse amene amapindula, ndipo phindu lake limabwera pang'onopang'ono, koma njirayi siwononga kanthu ndipo silira ndalama zambiri. Simufunikira mafuta a m'mabotolo odula. Tengani timabotolo tinayi totsukidwa bwino tokhala ndi zotsekera, ndipo muikemo khungu la ndimu lopalidwa kumene, masamba a bulugamu ofikisa, clove wa m'sitolo za zokometsera ndiwo, ndi chinthu china chonunkhira chomwe mumachikumbukira bwino, kaya duwa, sinamoni, jinja, khungu la lalanje kapena masamba a mpungabwi. Masamba ndi makungu muzisintha pakapita masiku ochepa chifukwa amatha mphamvu. M'mawa ndi madzulo khalani pamalo a phee, tsegulani botolo limodzi, nunkhizani mofatsa kwa masekondi pafupifupi 20 mopuma pang'onopang'ono, osati mokoka mpweya mwamphamvu, kenaka pumulani pang'ono musanatenge lina. Chofunika kwambiri ndi maganizo: pamene mukununkhiza ndimu, yesetsani kukumbukira momwe ndimu limanunkhirira, mtundu wake ndi kuwawasa kwake, chifukwa amene akuphunzira si mphuno yokha komanso ubongo. Botolo lina likamakunyansani kwambiri, lisiyeni kaye n'kuikapo lina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi musaweruze kuti yalephera miyezi inayi isanakwane.

Kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere kumathandiza ena kuti fungo lopanda gwerolo lileke kwa kanthawi, komanso kumachotsa mamina otseka njira. Wiritsani madzi okwana theka la lita, asiyeni azizire, ndipo musungunulemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi supuni yaing'ono imodzi ya soda wophikira wa m'paketi, osati chidulo. Thirani pang'ono m'dzanja losambidwa bwino, kokerani m'mbali imodzi ya mphuno n'kuwalola atuluke, kenaka mbali inayo. Madziwo akhale owiritsa nthawi zonse, ngakhale atakhala a pampopi, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Kupatula zimenezi, musaike kanthu m'mphuno komwe dokotala sanakulembereni. Madzi a adyo, a ndimu kapena a jinja amapsereza khungu la m'kati. Ku America, mu 2009, boma linachenjeza anthu kuti aleke kugwiritsa ntchito mankhwala ena a chimfine opaka m'mphuno okhala ndi zinc, anthu ambiri atadandaula kuti awalanda fungo, ndipo ichi chikuonetsa momwe malo amenewa alili osalimba. Mankhwala opopera otsegula mphuno asapitirire sabata imodzi, chifukwa akapitirira mphuno imatsekeka koposa kale. Musagulenso nokha prednisolone kapena amoxicillin: woyambayo amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndiponso amafooketsa chitetezo cha m'thupi, pomwe wachiwiriyo sachita kanthu pa timitsempha tovulala ndi kachilombo ka chimfine. Mankhwala opopera ochepetsa kutupa ali ndi malo ake ngati dokotala wapeza kutupa kapena tinyama tomera m'mphuno, koma woweruza akhale iyeyo. Kufukiza nthunzi ya masamba, komwe kunafala nthawi ya mliri, sikumeretsa timitsempha, ndipo kwapsereza anthu ambiri, makamaka ana.

Nkhani ya chakudya ndiyo ndikuidera nkhawa kwambiri, chifukwa anthu a vuto lanu amaonda mosazindikira. Lilime limamva kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kwa msuzi, koma zotsala zonse zomwe timati kukoma kwa chakudya zimadutsa kukhosi n'kukwera kumphuno, motero fungo likapotoka chakudya chimapotokanso. Popeza tizigawo tonyansa tija timachuluka m'zokazinga ndi zootcha, yesani zowiritsa: nyemba zophika popanda anyezi, masamba otendera, mbatata, chinangwa, mpunga, phala, nthochi ndi chambiko. Chakudya chozizira chimatulutsa fungo lochepa kuposa chotentha, choncho lolani mbale yanu ipole kaye. Tsabola, monga wa kambuzi, amamveka kudzera mu mtsempha wina womwe nthawi zambiri suvulala, ndipo iye pamodzi ndi madzi a ndimu angabwezeretse chilakolako cha kudya, koma samalani kuti musachulutse mchere ndi shuga pofuna kumva kukoma. Ngati nyama ndi mazira zakanika, nyemba, nandolo, soya ndi nsinjiro zilowe m'malo mwake, ndipo pakapita milungu ingapo muzilawanso pang'ono zomwe munazisiya, chifukwa zomwe zikunyansa lero zingadzakhale zabwino mwezi wamawa. Pemphani kuti wina azikazinga anyezi inu muli panja. Awerengereni bambo akunyumba ndi ana ndime zino kuti adziwe kuti si matama kapena ulesi. Ndipo ngati mwayamba kusowa tulo, kukhala wokhumudwa masiku ambiri kapena kupewa anthu, mukanene kuchipatala, chifukwa kutaya fungo kumayendera limodzi ndi matenda a nkhawa mwa anthu ambiri, ndipo thandizo lake lilipo.

Chotsala ndi chitetezo cha m'nyumba, ndipo apa vuto lanu lili ndi mbali ziwiri zoopsa: mphuno yanu ikukuuzani za utsi womwe palibe, komanso ingalephere kukuuzani za utsi womwe ulipo. Munthu akadzuka usiku kambirimbiri osapeza kanthu, amafika pozolowera n'kuleka kudzuka, ndipo tsiku lomwe waya wa magetsi adzapse zenizeni adzatembenuka n'kupitiriza kugona. Gwirizanani m'banja kuti mukamva utsi muzidzutsa munthu mmodzi kuti anunkhize, ndipo iye asamanyinyirike. Musanagone, yang'anani ndi maso kuti moto wazimitsidwa, makandulo azima, ndipo simbi ndi mbaula yamagetsi zazulidwa pakhoma. Ngati mumaphikira gasi, kumbukirani kuti fungo lake loipa lija amachita kuikamo dala kuti likhale chenjezo, ndipo inu pakadali pano simungalidalire, motero tsekani pa silinda penipeni mukamaliza kuphika, ndipo nthawi ndi nthawi pakani thovu la sopo polumikizira paipi kuti muone ngati pakutuluka timathovu. Kachipangizo kolira kakamva utsi kamathandiza ngati mungakapeze. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire chotani m'miyezi ya June ndi July, pakuti mpweya wakupha wa m'makala ulibe fungo kwa munthu aliyense. Ndiwo zogona, mkaka ndi nsomba, wina azikununkhizirani musanadye kapena kupatsa ana, ndipo zomwe mukuzikayikira muzitaye.